Za ulendo wa ku Mulunguzi, mundimvere ine

Amayi a kwaya, ulendo mukukonzawu wa ku damu la Mulunguzi, pa phiri la Zomba, wanditsegula chilonda. Ife tinapitako ndi ana a Sande sukulu nthawi yachisanu, kunyamuka pa boma pa Mangochi mbandakucha kudzera ku Liwonde. Dalaivala wa minibasi anali mlamu wa mkulu wina wa mpingo, ndalama anapatsidwa zonse tisananyamuke, eti poti ndi wathu.

Atatitsitsa pa damu anati akutsika kukathira mafuta. Kumeneko kunali kupita, anayamba kunyamula anthu a ku Blantyre! Foni osayankha. Cha m'ma 4 koloko chifunga chinagwa, mitengo ya paini ija osaonekanso, damu lenilenilo lili pamphuno pathu koma osaliona. Ana athu a kuno ozolowera thukuta anali ndi timalaya topyapyala ndi masilipasi basi. Mano gwegwegwe. Kamtsikana kena kanasiya ndi kulira komwe, kanangoti zii manja atauma, tinachita kukakulunga zitenje zathu zonse ife n'kutsala tikunjenjemera. Akanapanda anyamata ogulitsa mabulosi aja kutiimitsira lole yonyamula matabwa, kaya. Tinatsika msewu wokhotakhota uja titakhala pamwamba pa matabwa, mdima uli bii. Dalaivala uja tinamupeza pa depoti akudya tchipisi, n'kumatifunsa kuti mwatsika bwanji. Mpaka lero kutchalitchi amabwera, amakhala kutsogolo, kupepesa ayi.

Anyamata anu muwauziretu kuti kumeneko si ku Malombe kapena kwa Makawa. Aja odzitama kuti anakulira m'bwato ndi amene amavuta. Madzi ake ndi ozizira kwambiri, akuya, komanso ndi omwe amamwa anthu a mumzinda wa Zomba. A Southern Region Water Board, omwewa otipatsa madzi kuno, ndi amene amawatsitsa m'mapaipi kuchokera paphiripo. Zosamba, zochapa ndi kuponyamo mabotolo asayerekeze.

Koma pitani ndithu, musamvere mkwiyo wangawu. Mukaone mathithi a Williams Falls, ndipo kukacha bwino mukafike ku Emperor's View komwe kunafika Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, mukaona nyanja ya Chilwa ili pansi. Nthawi yachisanu ndiye kumakoma kuyenda, bola majuzi ndi tiyi m'mafulasiki. Dalaivala mutenge womudziwa bwino, koma musangomukhulupirira poti ndi wa mumpingo momwemo. Ndalama mumupatse theka, ndipo akazimitsa galimoto makiyi asunge tcheya wa kwaya.