Inde, Tony Blackburn ankaimbanso

Achimwene, mwafunsa ngati Tony Blackburn, muulutsi wa pa wailesi wa ku Britain, ankaimbadi kapena ankangoika nyimbo za anzake pa wailesi. Ankaimba ndithu, kungoti kuimbako sikunapite naye patali. Nyimbo yake ya "So Much Love" inangofika pa nambala 31 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku Britain mu 1968.

Kutchuka kwake kunachokera pa wailesi. Anayamba mu 1964 pa Radio Caroline, wailesi yopanda chilolezo imene inkaulutsa mawu ili m'sitima panyanja. Pa 30 September 1967 ndi iyeyu amene anatsegulira BBC Radio 1, nayamba ndi nyimbo ya gulu la The Move, "Flowers in the Rain". Ine ndimamutayira kamtengo polimbikira kuika nyimbo za soul. Mu 2002 anapambananso mpikisano wapakanema wa I'm a Celebrity, ali ndi zaka 59.