Kagalimoto ka haidrojeni kaleka kuyenda, kodi ndithiremo mchere?

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale. Mlamu wanga anatigulira ku Johannesburg kabokosi ka zophunzirira. Muli kasola, timabotolo tiwiri, kachipangizo kolekanitsa madzi ndi kagalimoto. Poyamba kamayenda bwino, koma chithirireni madzi a pamjigo thovu lachepa, kagalimoto sikakusuntha. Mnzanga akuti ndithiremo mchere. Komanso tikapanga chachikulu, sitingaphikire mpweyawu m'malo mwa makala? Mphunzitsi, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Aphunzitsi, mchere ayi, chonde. Magetsi akadutsa m'madzi amchere pamatuluka klorini, mpweya wotsamwitsa, ndipo kachipangizoko mudzakapheratu.

Chakupwetekani ndi madzi a pamjigowo. M'kati mwa kachipangizo muli kachikopa kopyapyala kopakidwa platinamu mbali zonse ziwiri, ndipo ntchito yake ndi kuwolotsa tizigawo ta haidrojeni tokha. Madzi a pamjigo, ngakhale a pampopi, amabwera ndi michere ya m'nthaka, yomwe ija imayeretsa pansi pa ketulo. Ikakanirira pakachikopako njira imatsekeka. Pitani kogulitsa zipangizo za galimoto mukafunse madzi a batire olembedwa distilled water. Muwerenge botolo musanalipire, chifukwa la asidi limakhala pashelefu yomweyo. Mutsukemo kangapo ndi sirinji n'kusiya madziwo akhalemo kanthawi. Kakhoza kutsitsimuka, koma ngati kanamwa michere yambiri mphamvu yakale sibwereranso.

Mupukutenso fumbi pakasola, kayang'ane dzuwa mwachindunji. Madzi amayamba kulekana mphamvu ya magetsi ikafika mavoti 1.23, ngakhale kachipangizo kenikeni kamafuna pafupifupi 2. Batire ya galimoto ya mavoti 12 musayese, kapsa.

Ine chimene chimandikomera pa kabokosika si kagalimoto. Ndi timabotolo tija. Musawauze ana yankho, aimeni padzuwa aziwerenga okha mizere pamene madzi akutsika. Adzaona kuti mpweya wa botolo lina ukuchuluka kawiri kuposa wa linzake. Wochulukawo ndi haidrojeni, winayo okosijeni, ndipo H2O amene amaloweza pabolodi uja adzamuona ndi maso. William Nicholson ndi Anthony Carlisle analekanitsa madzi chonchi ku London mu 1800. Mukachotsa sola n'kulumikiza mota, mipweya iwiriyo imakumananso, n'kupereka magetsi ndi madzi, monga anaonetsera William Grove mu 1839. Pamenepo muwafunse anawo: mphamvu yoyendetsa matayalayi yachokera kuti? Wonena kuti m'madzi walakwa. Yachokera kudzuwa, haidrojeni wangoisunga.

Yankho la zophikira lagona pomwepo. Kilogalamu imodzi ya haidrojeni imadya malita 9 a madzi ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 50, ngati timagula ku ESCOM aja, koma ikayaka imabweza 33 okha. Ngati muli ndi sola yaikulu chotero, phikirani magetsiwo. Mpweyawunso ndi waukali: ukangofika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda ukhoza kuyaka, ndipo lawi lake masana silioneka bwino. Wa m'kabotolo kanu ndi wochepa, komabe mawindo akhale otsekula, machesi asunge ndinu.

Kachipangizo kakakanika, phunziro lisaime. Songolani mapensulo awiri mbali zonse, mulumikize mitima yake kubatire ya mavoti 9, nsonga zinazo muviike m'tambula ya madzi osungunuliramo soda wa therere. Thovu lochuluka lidzatuluka papensulo ya kuwaya wa minus, ndiye haidrojeni wanuyo.