Levulo ikuti zili bwino koma chithunzi chapendekeka

Mayi wina wanditumizira imelo yodandaula. Akuti anakhoma zithunzi zitatu za banja pakhoma la pabalaza, chilichonse anachiyeza ndi levulo mpaka kathovu kanakhala pakatikati pa mizere iwiri ija, koma atabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana, zonse zitatu zikuoneka zotsikira kumanzere. Funso lawo ndi ili: "Kodi levuloyi yafa ndikagule ina, kapena maso angawa ndiwo akundinamiza?"

Mayi, musathamangire kugula ina, ndipo maso anuwo musawakayikire msanga. Levulo ndi chida chimene chimatha kudziulula chokha ngati chikunama, ndipo kuti mudziwe simufunika china chilichonse kupatula pensulo ndi khoma lomwelo.

Ikani kadontho ka pensulo pakhoma. Gwirizitsani nsonga imodzi ya levulo pa kadonthoko, muisunthe pang'onopang'ono mpaka kathovu kakhale pakati, kenaka jambulani mzere motsata m'mphepete mwake mwa pamwamba. Tsopano itembenuzeni, nsonga imene inali kumanja ipite kumanzere, koma pamwamba pakhalebe pamwamba, musaizondotse. Yambirani pa kadontho komweko, ikaninso kathovu pakati, jambulaninso mzere. Ngati mzere wachiwiri wagona ndendende pamwamba pa woyamba, levulo yanu ilibe mlandu. Ngati mizereyo yayambira pamodzi n'kumatalikirana kutsogolo ngati lumo lotsegula pang'ono, ndiye kuti ikunama.

Chimene chimachitika n'chakuti levulo yolakwika imalakwira mbali imodzi nthawi zonse. Tinene kuti imakweza nsonga yake ina ndi mamilimita 2. Ulendo woyamba nsongayo inali kutali ndi kadontho, mzere unakwera ndi mamilimita 2. Mutaitembenuza nsongayo inabwera pa kadontho, mzere unatsika ndi mamilimita 2 omwewo. Mpata umene mukuuona kumapeto, mamilimita 4, ndi kulakwitsa kuja kuwirikiza kawiri. Ndiye apa pali nkhani yokoma: mzere woona uli pakatikati pa mizere iwiriyo. Ikani kadontho pakati pa mpatawo, lumikizani ndi kadontho koyamba, mwapeza mzere wowongoka bwinobwino pogwiritsa ntchito levulo yabodza yomweyo. Ine ndinakhala ndi levulo yotere zaka zingapo, ndinkangoitembenuza n'kugawa pakati, mpaka inadzatayika yokha posamuka.

Mamilimita 2 angamveke ngati kanthu kochepa, koma taganizirani. Ngati levulo yanu ndi ya masentimita 60, kulakwitsako n'kopitirira pang'ono mamilimita 3 pa mita iliyonse. Zithunzi zitatu zoyalidwa pa mamita awiri, choyamba ndi chomaliza zisiyana pafupifupi mamilimita 7, ndipo diso limaona zimenezo, makamaka mafelemu akakhala akuda pakhoma loyera. Levulo zabwino opanga ake amalemba kuti sizilakwitsa kupitirira theka la milimita pa mita imodzi. Zotchipa zambiri salembapo kanthu.

Mungayezenso patebulo. Tebulolo silifunika kukhala lowongoka ayi. Ikani levulo, lembani malo ake ndi pensulo, onani kumene kathovu kapita. Itembenuzeni n'kuibwezera pamalo omwewo. Kathovu kamathawira mbali yokwera nthawi zonse, ndiye ngati poyamba kanapita cha kuwindo, kapitenso cha kuwindo ndi mlingo womwewo, chifukwa tebulo silinasunthe. Kakasintha n'kutsatira nsonga ya levulo, vuto lili mu levulomo.

Nanga imawonongeka bwanji chida chopanda injini, chopanda batire? Kagalasi ka madzi kali m'katimo sikowongoka ngati mmene kamaonekera. Mwina kamakhala kopindika pang'ono ngati uta, mwina m'kati mwake ndi motukuka pakati, kuti mpweya uzikwera n'kuima pamalo okwera kwambiri. Madziwo kawirikawiri ndi sipiriti wothiramo utoto wachikasu kapena wobiriwira, chifukwa sipiriti saundana m'nyengo yozizira ndipo amalola kathovu kuyenda mosakakamira. Nzeru imeneyi ndi yakale: anaitulukira Melchisédech Thévenot wa ku France cha m'ma 1661, ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni. Zonse zimadalira kuti kagalasiko kagone mofanana ndendende ndi m'mphepete mwa levulo. Ikagwa kamodzi pasimenti, kagalasi kakhoza kusuntha pang'ono kwambiri moti simungaone, koma basi yayamba kunama. Ya aluminiyamu imapindika ikaponderezedwa ndi katundu wolemera, yathabwa imakhota ikanyowa n'kuuma. Nthawi zina vuto ndi lochititsa manyazi: kadontho ka penti kapena ka simenti kouma kamene kamatirira kunsi kwake. Pitsanipo chala musanaiimbe mlandu. Kathovu kakakula kwambiri kuposa kale, ndiye kuti kagalasi kang'aluka ndipo sipiriti akuuluka. Imeneyo ndi yotaya. Levulo zina zili ndi timabawuti pambali pa kagalasi toti mukhoza kumasula n'kukonza, koma zambiri za masiku ano kagalasiko anakamatiriratu.

Kawerengedwe kake nakonso kamanamiza. Mukayang'ana kathovu muli chammbali, kapena mutaimirira pansi levulo ili pamwamba pa mutu wanu, kamaoneka kali pakati pamene sikali. Kwerani pampando, diso liyang'anizane ndi kagalasi. Komanso "pakati pa mizere" sikokwanira. Kathovu kamakhala kakang'ono kuposa mpata wa mizereyo, makamaka kukatentha pamene sipiriti amafufuma n'kukafinya, ndiye kakhoza kukhudza mzere umodzi n'kukhalabe m'kati. Mipata ya mbali zonse ziwiri ifanane.

Tsopano tibwere pa chimene ine ndikuchikayikira kwambiri pa nkhani yanu, mayi. Mwati zithunzi zonse zitatu zikutsikira mbali imodzi. Zikhoza kukhala levulo, inde, koma zikhozanso kukhala nyumba. Diso silidziwa kuwongoka kwenikweni, limangoyerekeza ndi mzere waukulu umene uli pafupi: pamene khoma likumana ndi siling'i, pamwamba pa chitseko, m'mphepete mwa windo, kapena msana wa sofa. Nyumba zambiri, ngakhale zomangidwa bwino, mizere imeneyi siyowongoka kwathunthu, ndipo zakale zimatitimira mbali imodzi pakapita zaka. Ngati siling'i ikukwera cha kumanzere, chithunzi chowongoka bwinobwino chioneka ngati chikutsikira kumanzere. Tengani tepi, yezani kuchokera ku siling'i kufika pa ngodya ziwiri za pamwamba za felemu. Manambala akasiyana pamene levulo yapambana mayeso aja, wolakwa ndi siling'i.

Zikatero muchite chiyani? Amisiri ena angakuuzeni kuti tsatirani levulo zivute zitani. Pa shelefu ndimavomereza, chifukwa zinthu zingagubuduke. Pa chithunzi sindivomereza. Chithunzi ntchito yake ndi kuonedwa, ndipo mlendo sabwera ndi levulo m'thumba. Chikakhala pafupi ndi siling'i kapena pamwamba penipeni pa chitseko, ine ndimatsatira mzere wa nyumbawo, kapena ndimagawa pakati pa zimene levulo ikunena ndi zimene siling'i ikunena. Chikakhala kutali ndi mizere imeneyi, pamenepo levulo ilamule.

Musaiwale kutembenuza chithunzicho n'kuona kumbuyo kwake. Tizingwe kapena timphete tokolekera sitikhala nthawi zonse pa msinkhu wofanana. Mukakhoma misomali iwiri yowongoka bwino pamene kamphete kena kali mamilimita 3 kunsi kwa kanzake, chithunzi chipendekeka basi. Yezani kuchokera pamwamba pa felemu kufika pa kamphete kalikonse, ndipo misomali itsatire manambala amenewo. Felemu yopachika pa waya ndi msomali umodzi imasuntha nthawi iliyonse wina akamenyetsa chitseko. Misomali iwiri yotalikirana pang'ono imaikhazika, ndipo timphira ting'onoting'ono tomata ku ngodya za m'munsi timathandiza kuti isatsetsereke. Ndiye pali khoma lenilenilo: pobowola pulasitala, chobowolera chimakonda kuthawa pa kadontho chikakumana ndi kamwala kapena m'mphepete mwa njerwa. Yambani mwaboola kadzenje ndi msomali pa kadonthoko kuti chikhale ndi pogwira.

Ngati levulo yanu ndi kaja kakafupi ka m'thumba, musamakayendetse pakhoma mobwerezabwereza kuti mupeze mzere wautali, chifukwa kulakwitsa kumaunjikana. Kaikeni pamwamba pa thabwa lalitali lowongoka, kapena muzikatembenuza pa sitepe iliyonse kuti kulakwitsa kwina kuzifafaniza kunzake. Ya pafoni ndi yothandiza pa changu, koma chikwama cha foni, mabatani a m'mbali ndi kamera yotukuka kumbuyo zimaipendeketsa, ndiye nayonso ipatseni mayeso otembenuza omwewo.

Kwa zithunzi zotalikirana kwambiri, kapena za pa makoma awiri, palibe choposa kapaipi koonekera m'kati kothiramo madzi. Chotsani mpweya wonse, nsonga ziwiri zikhale zotsegula zoloza kumwamba, wina agwire uku inu uko. Madzi akakhazikika, msinkhu wake ku nsonga zonse ziwiri ndi wofanana, ndipo mulembe timadontho pamenepo.

Ndiye yambani ndi mizere iwiri ija, mayi, kenaka tepi ku siling'i, kenaka kumbuyo kwa mafelemu. Pensulo yake ikhale yofewa ndipo musakanikize, kuti mukamaliza mufufute bwinobwino. Mundilembere mundiuze mpata umene mwapeza kumapeto kwa mizereyo ndi kutalika kwa levulo yanu.