Ndalama za agogo a Keyala zinapita kuti?

Mayi wina wandilembera kuti agogo ake aamuna anali ku Keyala (gulu la asilikali la King's African Rifles) ndipo anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma, koma iwo ndi agogo aakazi anakalambira m'nyumba yaudzu. Ndiye akufunsa ngati ndalama za usilikali anangomwera mowa.

Mayi, funsoli landiwawa, chifukwa mukuzenga mlandu munthu amene sangadziyankhire. Tiyeni tiwerengere limodzi. Nkhondo itatha mu 1945, boma la Britain linkapereka ndalama yothokozera potengera miyezi imene munthu watumikira. Msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse, wakuda mashiling'i atatu ndi theka. Pa zaka zinayi, agogo anu anatenga mapaundi 8 ndi mashiling'i 8, pamene mzungu wa udindo womwewo anatenga mapaundi 24. Ndalama yake ndi imeneyo, kamodzi basi. Penshoni ya mwezi ndi mwezi ambiri olembedwa nthawi ya nkhondo sanaione. Akagula nsalu za mkazi ndi apongozi, bulangete, poto, n'kupatsako abale obwera kudzamulonjera, chatsala n'chiyani?

Amene ankayendako bwino ndi omwe anaphunzira kuyendetsa galimoto ku King's African Rifles, kapena amene anapeza ntchito ya umesenjala kwa DC, upolisi kaya ulonda. Ena anagula makina osokera a Singer n'kukhala pakhonde la sitolo. Otsalawo anabwerera ku khasu, ambiri kuchikamwini, kumene munda ndi wa kuchikazi. Tangoganizani sajeni wozolowera kufoletsa anthu ku Zomba, lero akutumidwa ndi malume a mkazi wake.

Ndipo ine ndinena mosabisa: amene anagwira banja ndi agogo aakazi. Zaka zonse mwamuna ali kutali, iwo ndiwo ankalima, kusinja, kufulula mowa wamasese wogulitsa, ndi kuyenda mtunda kupita kuboma kukalandira kandalama kamene mwamuna ankadulitsa pamalipiro ake. Mwamuna atabwera, ndi iwonso amene ankamugwira akamadzidzimuka usiku. Pa chipilala cha asilikali ku Zomba dzina lawo simulipeza.

Ngati mukufuna umboni, yambani ndi sutikesi yakale. Funani kabuku kotulukira usilikali, chifukwa muli nambala ya agogo aamuna ndi batalioni yawo. Mendulo ya Burma Star isakunamizeni, nthawi zambiri inkaperekedwa yopanda dzina. Mukapeza nambala, pitani nayo ku National Archives ku Zomba, ndipo yesani kalembedwe kangapo ka dzina lawo, poti akalaliki a nthawiyo ankalemba momwe amvera.