Kulembera imelo munthu amene sakukudziwa

Mng'ono wanga wina amene ali m'chaka choyamba pa yunivesite ku Manchester wandilembera sabata ino. Akufuna internship (ntchito yophunzirira ya kanthawi kochepa) ya investment banking (ntchito ya mabanki othandiza makampani kupeza ndalama ndi kugulana) ku London koma alibe m'bale kapena mnzake m'mabankimo, ndiye akufunsa ngati kutumiza imelo kwa anthu osawadziwa si kudzichotsa ulemu. Mawu akuti kudzichotsa ulemuwo andisowetsa tulo, chifukwa ndi omwe anandimanga manja chaka chathunthu.

Ine ndinaleredwa kuti wamkulu sumuyamba ndiwe. Umalowa, umagwada, umadikira akufunse. Ku sekondale anatiphunzitsa kalata yofunsira ntchito yodzaza ndi kudzichepetsa, ndipo nditafika ku England ndinangoisamutsira mu imelo. Ndimakumbukirabe tsiku lina la mu Novembala ndili mu laibulale, kunja kutada kale 4 koloko masana, jekete ndisanavule chifukwa cha kuzizira. Ndinalembera bwana wamkulu wa banki ina ndime zisanu: za kwathu, za mmene makolo anavutikira ndi fizi, za mmene ndimalimbikira, n'kumaliza ndi kupempha kuti andiganizire. Ndinaiwerenga kangapo, mtima ukugunda, n'kutumiza. Sanayankhe. Ena onse amene ndinawalembera chimodzimodzi sanayankhenso, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti vuto ndi dzina langa.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachimva mochedwa. Anzanga a m'kalasi anali atapita kale ku spring week, masiku ochepa amene mabanki monga Goldman Sachs, JP Morgan ndi Morgan Stanley amaitanira ophunzira a chaka choyamba cha m'nyengo ya Isitala. Mafomu ake amatsegulidwa sukulu ikangoyamba, ndipo malo amadzaza anthu akamafunsira, osadikira tsiku lotseka. Ena mwa opita kumeneko amawatengeratu ku internship ya chilimwe ya chaka chotsatira, ya masabata pafupifupi 10, ndipo ntchito yeniyeni imachokera kumeneko. Palibe anandibisira dala. Nkhanizi zimangoyenda pakamwa, pakati pa ana amene amalume awo amagwira ntchito ku Canary Wharf, dera la mabanki akuluakulu ku London.

Apa ndiye ndikufuna undimvetse, mng'ono wanga. Kwathu mawu akuti kudziwana anaipitsidwa. Tikamva kuti uje walowa ntchito chifukwa chodziwana ndi abwana, timadziwa kuti wina woyenera wapondedwa. Ndiye ife ofuna kuyenda mowongoka timathawa chilichonse chonunkhira kumeneko. Koma kufunsa munthu mmene ntchito yake imayendera si ziphuphu, ndipo ndimakana kwamtuwagalu aliyense wonena kuti n'zofanana. Amene ukumufunsayo sakukupatsa malo a wina. Mayeso a pa intaneti udzalembabe, mafunso a pa vidiyo udzayankhabe wekha. Akungokuuza zimene anzako anamva ali patebulo ndi makolo awo. Safunsa anadya phula, ndipo ife timadya phulalo tikuganiza kuti ndi khalidwe labwino.

Amene anandiyankha pomaliza sanali bwana. Anali analyst (udindo woyambira mu banki), mtsikana amene anamaliza pa yunivesite yathu zaka ziwiri m'mbuyomo. Ndinamulembera mizere inayi yokha. Anandiimbira 9 koloko usiku akadali mu ofesi, ndikumva foloko ikugunda m'kontena ya chakudya. Anandifunsa ngati ndingafotokoze DCF, njira yowerengera mtengo wa kampani potengera ndalama zimene idzapeze m'tsogolo. Ndinati ayi. Anati ndiphunzire imeneyo, ndisankhenso nkhani imodzi ya kampani yogula inzake mu nyuzipepala ya Financial Times n'kuidziwa mpaka kumizu. Mphindi zochepa zimenezo zinandipatsa zimene makalata onse aja sanandipatse.

Komanso usaone ngati dziko ndi London yokha. Ku Johannesburg kuli mabanki a RMB, Investec ndi Standard Bank, ndipo amagwira ntchito zazikulu za makampani a mu Africa muno. Ukapita kutchuthi kumudzi, ku Blantyre kuli Malawi Stock Exchange (msika wa masheya) ndi CDH Investment Bank. Mwezi umodzi pamalo ngati amenewo umakupatsa chokamba chimene mnzako wa ku Surrey, dera la olemera pafupi ndi London, alibe.

Ndiye ulembe bwanji

Pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lolumikiza anthu a pantchito, funafuna ma analyst ndi ma associate (udindo wotsatira wa analyst) amene anaphunzira pa sukulu yako kapena ochokera kuno kwathu. Mzere woyamba unene kuti ndiwe ndani ndi chimene chikukulumikizani, wachiwiri chifukwa chimene wasankhira iyeyo, wachitatu upemphe mphindi 15 pa foni. Usapemphe ntchito, ndipo mavuto a kunyumba uwasunge. Pakadutsa sabata ali chete, kumbutsa kamodzi basi. Mabanki aang'ono amene alibe ndondomeko yolembera ophunzira ndi kumene imelo yotere ingakutsegulire khomo mwachindunji. Kwa akuluakuluwo fomu udzadzazabe. Lembetsa ku bungwe la SEO London, amathandiza ophunzira ngati iwe. Visa yako ya sukulu imakulola kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndi tsiku lonse nthawi ya tchuthi, choncho wina akafunsa uyankhe mosakayika.

Imelo yako yoyamba unditumizire ndiione usanaitumize.