Khoti latipatsa mwana, nanga thandizo tikalipeza kuti?

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Iye ndi mwamuna wake adatenga mnyamata wa zaka zinayi kumalo osungirako ana amasiye, ndipo papita miyezi itatu khoti litagamula kuti mwanayo ndi wawo. Koma mwana akubisa nsima kunsi kwa pilo, akukodza pogona, ndipo mlendo aliyense akafika amamukakamira ngati mayi ake. Achibale ayamba kale kunong'ona. Funso lake ndi lakuti: alipo amene amathandiza mabanja ngati lathu, kapena zonse zidathera kukhoti?

Mayi, ndiyambe ndi chowawa. Palibe khomo limodzi lomwe mungagogode n'kupeza zonse. Thandizo lilipo, koma lili apa ndi apo, mulitola nokha ngati nkhuni.

Poyambira ndi ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu, kwa mkulu uja adabwera kudzaona pakhomo panu asanapereke lipoti kukhoti. Ambiri akalandira chigamulo sabwererako. Inu bwererani, mukafunse mbiri ya mwana: adafika bwanji kumalo kuja, adadwalapo chiyani, ali ndi abale amoyo kapena ayi. Mukapitenso kumalo komweko mukacheze ndi mayi amene ankamusambitsa ndi kumugoneka. Ameneyo akudziwa zomwe sizidalembedwe mu faelo, monga chimene mwana amaopa usiku ndi nyimbo imene imamutontholetsa.

Za nsima ya kunsi kwa pilo zisakupwetekeni mtima. Si umbava, si kusayamika. Mwana amene wakulira pagulu, kumene mbale ikapita yapita, amaphunzira kusunga. Thupi lake silinakhulupirirebe kuti mawa kudzaphikidwanso. Mukamukalipira mumangotsimikizira mantha akewo. Muikireni kabakuli kakekake, muli nthochi kapena mtedza, pamalo oti afikire, mumuuze kuti palibe amene akhudze. Nthawi ya chakudya isamasinthesinthe. Kukodza pogona nakonso kumabwera mwana akasintha malo. Yalani pulasitiki, chapani, osamuchititsa manyazi pamaso pa anzake.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukakamira alendoko, ngakhale anthu amati ndiye mwana wansangala. Wadutsa m'manja ambiri, ndiye sanadziwe kuti mayi ndi mmodzi. Kwa miyezi ingapo, kumudyetsa, kumusambitsa ndi kumunyamula akalira zikhale za inu ndi bambo okha. Azakhali akhumudwa, ndikudziwa, koma afotokozereni bwinobwino.

Popeza sanakwane zaka zisanu, pitani naye kusikelo ndi kabuku kake ka kuchipatala aone kulemera, katemera amene adaphonya, ndipo ngati simukudziwa za magazi ake, ayezedwe. Mukaona kuti miyezi ikupita koma akudzivulaza, sakugona kapena kulankhula kukuchedwa, a St John of God ali ndi alangizi a za maganizo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Palinso nambala yaulere ya 116, ya nkhani za ana, imene amayendetsa a bungwe la YONECO. Inunso mukatopa lankhulani ndi munthu. Mayi wolera amatopa ngati wobereka, kungoti amaopa kudandaula poti anthu anena kuti mudazifuna nokha.

Za ndalama, musayembekezere kanthu chifukwa choti mwatenga mwana. Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006, imapita kwa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, osati kwa aliyense wolera mwana.

Tsono achibale aja. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma tsiku la maliro mwambiwu umaiwalika msanga. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerenga mwana wotengedwa kudzera kukhoti ngati mwana wobereka. Komabe lamulo silikhala nawo pa msonkhano wa banja. Chigamulo cha khoti chijambulitseni makope angapo, lina musunge kwa munthu wodalirika. Pitani nacho ku NRB, ofesi ya boma yolembetsa nzika, mukakonze chiphaso chake cha kubadwa, mumulembetse pa inshulansi ya chipatala ndi pa penshoni ngati muli nazo kuntchito, ndipo inu ndi bambo mulembe wilo yotchula dzina lake.

Simudafunse, koma ndinenabe: muuzeni nokha kumene adachokera, asadzamve kwa mwana wa aneba pa mkangano wa mpira. Pa zaka zinayi akukumbukira kale zambiri. Ngati muli ndi chithunzi cha tsiku limene mudakamutenga, chisindikizeni, muzichiona limodzi, azifunsa yekha.