Glock 17, CZ Shadow 2 kapena Beretta 92: yankho kwa wofuna pistol ya masewera

Bambo wina wa ku Area 47 wandilembera imelo yofunsa za mfuti zing'onozing'ono za mtundu wa pistol, zija zimalowetsa zokha chipolopolo china munthu akangowombera. Akuti anayamba kukonda masewera owombera chandamale pamene ankagwira ntchito ku South Africa, kumene ankabwereka mfuti za anzawo, ndipo tsopano akufuna kupempha chilolezo choti akhale ndi yawoyawo. Maganizo awo ali pa mfuti zitatu, Glock 17, CZ Shadow 2 ndi Beretta 92FS, koma akufunsanso ngati n'koyenera kuganizira pistol ya mtundu wa 1911 ya zipolopolo za .45 imene anzawo amaitamanda kwambiri. Anenetsa kuti mfutiyo ndi ya pa bwalo lowomberapo ndi pa mipikisano basi, osati yoyenda nayo m'chiuno.

Bambo, poyamba ndinene za lamulo mwachidule, chifukwa inu nomwe mwasonyeza kuti mukulidziwa. Kuno kwathu mfuti zimayendetsedwa ndi Firearms Act ya 1967, ndipo zilolezo zimadutsa kupolisi, amene likulu lawo lili ku Area 30. Kugula mfuti, kuisunga, kuiitanitsa kuchokera kunja ndi kugula zipolopolo zake, zonsezi zimalira mapepala, ndipo dziko limene mukugulako limafunanso chilolezo chake chotulutsira. Ndatchula izi chifukwa zikukhudza kasankhidwe: munthu amene wavutikira chilolezo cha mfuti imodzi sangaisinthe mwezi wamawa ikapanda kumusangalatsa.

Funso limene simunaliyankhe mu imelo yanu ndi lakuti mukufuna masewera ati, pakuti owombera pistol ali m'magulu awiri osiyana kwambiri. Gulu loyamba ndi la ISSF, bungwe la padziko lonse la masewera owombera chandamale, limene masewera ake amapezeka pa Olympics. Kumeneko munthu amaima malo amodzi, n'kugwira mfuti ndi dzanja limodzi, n'kuwombera pa mtunda wa mamita 10 ndi mfuti yampweya kapena mamita 25 ndi tizipolopolo ta .22 LR. Pa mpikisano wa amuna wowombera mofulumira pa mamita 25, munthu amayenera kulasa zandamale zisanu m'masekondi 8, kenako 6, kenako 4, ndipo mfuti zimene zimalamulira kumeneko ndi zonga Pardini ya ku Italy, zokhala ndi chogwirira chosemedwa molingana ndi chikhatho cha mwini wake. Palibe ndi imodzi yomwe mwa mfuti zanu zitatu imene ingalowe m'mipikisano ya pa Olympics imeneyi. Gulu lachiwiri ndi la IPSC, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia m'chigawo cha Missouri ku America, Jeff Cooper ali mtsogoleri wake woyamba. Kumeneko munthu amasolola mfuti m'chikwama cha m'chiuno, amathamanga, amasintha magazini (kabokosi kosungira zipolopolo m'mfuti) ali pa liwiro, ndipo wotchi imakhala ikuwerenga. Masewerawa ali ndi mizu yakale kummwera kwa Africa kuno: mpikisano wa dziko lonse wa 1977 unachitikira ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndipo wa 2002 unachitikira ku Pietersburg, kumene lero ndi Polokwane. Popeza munaphunzirira ku South Africa ndipo mwatchula mfuti za 9 mm, ndikuyankhani ngati munthu wolowera ku IPSC.

Kuti mumvetse chifukwa chake owombera amakangana za kulemera kwa mfuti ndi za trigger (kachitsulo kamene chala chimakoka powombera), muyenera kudziwa mmene mapointi amawerengedwera. Chandamale cha pepala chili ndi zigawo zitatu, A pakati, C mozungulira, ndi D m'mphepete. Kwa wowombera zipolopolo zamphamvu yocheperapo, zimene amazitcha minor, A ndi mapointi 5, C ndi 3, ndipo D ndi 1. Mapointi onse amagawidwa ndi masekondi amene munthu watenga. Tiyerekeze kuti pali zipolopolo 12: mwalasa A zonse, mapointi 60, koma mwatenga masekondi 10, ndiye kuti mwapeza 6.0. Mnzanu walasa A kasanu n'katatu ndi C kanayi, mapointi 52, koma watha m'masekondi 8, ndiye kuti wapeza 6.5, ndipo wakuposani ngakhale kuti inu munalasa bwino. Choncho chimene mukufuna m'mfuti ya mpikisano si kulasa kamodzi pakatikati, chifukwa mfuti zonse zitatuzi zimatha zimenezo kuposa manja a ambiri a ife. Mukufuna mfuti imene ikagunda imabwerera msanga pamene munalozetsa, kuti chipolopolo chachiwiri chitsatire mnzake musanataye nthawi.

Apa ndi pamene CZ Shadow 2 imaonekera. Kholo lake ndi CZ 75, imene abale awiri, Josef ndi František Koucký, anaikonza ku fakitale ya ku Uherský Brod m'dziko limene panthawiyo linali Czechoslovakia, mu 1975. Shadow 2 inatuluka mu 2016 ndipo inapangidwira mpikisano kuyambira pachiyambi. Ndi yachitsulo yonse, imalemera makilogalamu pafupifupi 1.3, ndipo kulemera kwambiri kuli kutsogolo, pansi pa mpope, kotero kuti ikalira mphuno yake sidumpha kwambiri. Slide yake, chigawo chapamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, imayenda m'kati mwa thupi la mfuti osati kunja kwake monga zimakhalira pa mfuti zambiri, n'chifukwa chake imaoneka yopyapyala, ndipo poikoka ndi manja a thukuta malo ogwirapo amachepa. Trigger yake ili ndi makhalidwe awiri. Pa chipolopolo choyamba chala chimayenda ulendo wautali ndi wolemera chifukwa chikukokanso kahamala ka kumbuyo, kamene kamamenya kuti chipolopolo chiphulike. Kuyambira chachiwiri, kahamala kamakhala katakokedwa kale ndi slide, ndipo trigger imakhala yaifupi, yopepuka, yothyoka mwaukhondo. Ubwino wa mfuti imeneyi wagona pa chipolopolo chachiwiricho ndi zonse zotsatira.

Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa satchula kawirikawiri. M'gawo la Production, limene ndi la mfuti zosasinthidwa kwambiri kuchokera ku fakitale, mfuti yamtundu umenewu imayamba kahamala kali pansi, koma Shadow 2 ilibe kabatani kotsitsira kahamalako. Woyang'anira bwalo akakuuzani kuti mukonzeke, mumalowetsa magazini, mumakoka slide, chipolopolo chimalowa, kenako mumapana kahamala ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja linalo, mumakhethemula trigger pang'onopang'ono, n'kukaperekeza kahamalako mpaka katakhala pansi, mphuno ya mfuti italoza kumene kuli zandamale. Kakakupulumukani mfuti ikhoza kulira, ndipo kuwombera mwangozi kotere kukhoza kukuchotsetsani mumpikisano tsiku limenelo. Owombera ozolowera amachita zimenezi osaganizira n'komwe, koma kwa woyamba kumene ndi luso loti aphunzire kunyumba ndi mfuti yopanda chipolopolo mpaka manja atazolowera.

Glock 17 ndi maganizo ena kotheratu. Gaston Glock wa ku Austria sanali wopanga mfuti pamene ankaikonza, ndipo asilikali a dziko lake anaisankha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Thupi lake ndi lapulasitiki yolimba, imalemera magalamu pafupifupi 700 ikakhala yopanda zipolopolo, magazini yake imalowa zipolopolo 17, ndipo tizigawo take tonse tangopitirira pang'ono 30. Ilibe kahamala koonekera, ndipo trigger yake imakhala chimodzimodzi kuyambira chipolopolo choyamba mpaka chomaliza, pa mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 2.5. Kunena zoona trigger imeneyi si yokoma. Imamveka ngati yofewa poyamba kenako n'kulimba, ndipo munthu wosasamala amakokera mphuno ya mfuti pansi chakumanzere ngati ali wamanjamanja. Popeza ndi yopepuka, imadumphanso kwambiri kuposa CZ, ndipo pamafunika kuigwira molimba. Komabe munthu amaphunzira kakokedwe kamodzi kokha, sada nkhawa ndi kahamala, ndipo mfutiyo imapirira fumbi la m'Okutobala ndi chinyezi cha m'Januwale popanda kudandaula. Ili ngati galimoto ya Toyota, imene makaniko aliyense anaitsegulapo ndipo masipeya ake savuta. Mwina mudzamva anthu akukuuzani za Glock 34, imene ili ndi mpope wa mamilimita 135 m'malo mwa 114 wa Glock 17. Musanaikhumbire onani kaye mndandanda wa mfuti zololedwa, chifukwa IPSC yakhala ikuika malire a mamilimita 127 m'gawo la Production, ndipo mfuti ikaposa pamenepo imakankhidwira kugawo limene anthu amabwera ndi zida zodula kwambiri.

Za Beretta 92FS sindinena zambiri. Ndi mfuti yokongola ndi yodalirika, imene asilikali a America anaitenga mu 1985 pa dzina la M9 n'kukhala nayo mpaka pamene anasankha SIG Sauer P320 mu 2017, ndipo ku South Africa munaiona ndithu m'maonekedwe a Vektor Z88, yopangidwa komweko motengera Beretta 92. Thupi lake ndi la aluminiyamu, kulemera kwake kuli pakati pa Glock ndi CZ. Vuto lake pa mpikisano ndi lakuti chogwirira ndi chonenepa, chala chachifupi chimavutika kufika pa trigger pa chipolopolo choyamba, ndiponso kabatani kachitetezo kali pa slide, pamene dzanja likhoza kukatsitsa mosadziwa pokoka slide mofulumira, mfuti n'kukhala duu wotchi ikuyenda. Kampaniyo inatulutsa 92X Performance yachitsulo pofuna kukonza zimenezi, koma imeneyo ndi mfuti ina ndipo mtengo wake ndi wina.

Nanga 1911 ya anzanu aja? John Browning anaikonza bwino kwambiri moti patatha zaka zoposa 100 trigger yake idakali muyezo umene ena onse amayerekezerapo, chifukwa imayenda molunjika kumbuyo ndipo imathyoka pafupi. Koma siloledwa mu Production. Malo ake ndi gawo la Classic. Zipolopolo za .45 zimawerengedwa major, kumene C amakhala mapointi 4 ndipo D amakhala 2, ndiye pa chitsanzo chija mnzanu akanapeza 7.0 m'malo mwa 6.5. Phindu limenelo ndi lenileni, koma mudzalilipira pa bokosi lililonse la zipolopolo, magazini yake imalowa zochepa, ndipo 1911 ndi mfuti yofuna mmisiri wodziwa kusula tizigawo kuti tikwanirane. Ine sindingakulangizeni kuti iyi ikhale yoyamba.

Mfundo imene ndikuona kuti ndi yaikulu kuposa zonse kwa munthu wokhala ku Lilongwe ndi ya zipolopolo ndi masipeya. Luso la masewerawa limadya zipolopolo zambiri, ndipo chilichonse chimachokera kunja, chimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zikusowa, chimadutsanso m'mapepala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu yense woitanitsa unakwera nawo, ndipo zipolopolo sizinasiyidwe. N'chifukwa chake 9×19, mtundu wa zipolopolo za 9 mm zija, imene Georg Luger anaikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndi yokhayo yanzeru pa mfuti zazikuluzi: imapangidwa ndi makampani ambiri padziko lonse kuphatikizapo ku South Africa, ndipo chipolopolo wamba cholemera magreni 124 (pafupifupi magalamu 8) chimakwanitsa muyezo wa 125 umene IPSC imafuna pa minor. Muyezowo amaupeza pochulukitsa kulemera kwa chipolopolo m'magreni ndi liwiro lake m'mafiti pa sekondi, n'kugawa ndi 1000. Mukanakhala ndi mwayi wa zilolezo ziwiri, ndikanati yachiwiri ikhale ya .22 LR yonga Ruger Mark IV, chifukwa tizipolopolo take n'totchipa ndipo sitigunda, motero zolakwika za chala zimaonekera poyera. Mfuti yodula imene mwini wake amaiwombera kawiri pa chaka imagonja kwa yotchipa imene mwini wake amaigwira sabata iliyonse.

Tsono chigamulo changa ndi ichi. Popeza mwanena kuti mfutiyo ndi ya masewera basi, kulemera kwa CZ Shadow 2 si mtolo kwa inu koma phindu, ndipo ndi imene ndingasankhe ngati zinthu ziwiri zili bwino. Choyamba, chala chanu chizifika pa trigger kahamala kali pansi popanda kupotoza dzanja pa chogwirira. Zimenezi muyese ndi manja anu pa mfuti ya mnzanu, osati kuwerenga pa intaneti. Chachiwiri, mukhale wokonzeka kuitanitsa pamodzi ndi mfutiyo tizigawo timene timatha. Pa banja la CZ 75 kachitsulo kogwira slide ndi kasipuling'i kobweza trigger ndi timene timadziwika kuti timathyoka mfuti ikagwira ntchito kwambiri, ndipo kudikira miyezi chifukwa cha kasipuling'i kamodzi n'kopweteka. Ngati chimodzi mwa ziwirizi chikukukayikitsani, kapena ngati kusiyana kwa mtengo kungakudyereni ndalama za zipolopolo za chaka chonse, tengani Glock 17, musinthe sight yake yapulasitiki (poyang'anira polozetsa chandamale) n'kuikapo yachitsulo, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku zipolopolo.

Iliyonse imene mungasankhe, musaiwale kuti mfuti payokha sikulowetsani mumpikisano. Mudzafunika magazini osachepera anayi, chifukwa mu Production simuloledwa kuyamba ndi zipolopolo zoposa 15 m'magazini imodzi pomwe bwalo lalitali limatha kufuna 32. Mudzafunikanso lamba wolimba, chikwama cha mfuti chophimba trigger yonse, magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu, ndi sefa yachitsulo yokhoma kunyumba. Zonsezi muziike pa bajeti yomweyo, ndipo magaziniwo ndi tizigawo tapadera muzifunsiretu kupolisi ngati ziyenera kulembedwa pa pempho limodzi ndi mfutiyo, kuti katundu asakatsakamire pa Kamuzu International Airport kapena pa chipata cha Dedza chifukwa cha pepala limodzi losowa.